Pamene Agogo Ayamba Kutiiwala

 Ndikuthokoza akomiti yokonza mwambo uno pondilola kuima pabwalo limene mphunzitsi ngati ine amayenera kungokhala pansi n'kumawomba m'manja.

Lero ndi tsiku lokumbukira. Tabwera kudzatchula mayina a makolo, kudzafotokozera ana kumene tidachokera, kudzavina magule amene tidaphunzira kwa anthu amoyo osati m'mabuku. Tsono ndapempha kuti m'kati mwa chisangalalochi tiyankhulepo za anthu amene kukumbukira kukuwathawa. Ali m'midzi mwathu, ena m'nyumba zathu zomwe, ndipo ambiri a iwo tawasiya kumudzi lero poopa kuti atichititsa manyazi pagulu. Ndikunena za agogo amene amafunsa funso limodzi kakhumi dzuwa lisanafike pamutu, amene amati atangotha kudya nsima n'kumadandaulira alendo kuti agona ndi njala masiku awiri, amene amayang'ana mwana wobala okha n'kumufunsa mwaulemu wonse kuti, “Kodi inu kwanu n'kuti?”

Chinenero chathu chili ndi njira ziwiri zofotokozera munthu wotere. Yoyamba ndi yachifundo. Timati, “Agogo akalamba, abwerera ku umwana.” Mawu amenewa ali ndi chilema chake, pakuti munthu wa zaka 80 si mwana ndipo sayenera kukalipiridwa ngati mwana. Komabe amatsogolera ku chisamaliro, chifukwa mwana amasambitsidwa, amadyetsedwa, ndipo akalakwa sasungiridwa mlandu. Njira yachiwiri ndi yoopsa. Timati, “Adakhwima, zizimba zawatembenukira,” kapena, “Zimene adachita zija zikuwabwerera,” kapenanso mosabisa mawu, “Ndi mfiti, yagwa pa lichero.”

Chimene chimachititsa kuti mudzi usankhe njira iyi n'kusiya inayo si zizindikiro za matendawo, pakuti zizindikirozo n'zofanana. Ndi anthu amene aima kumbuyo kwa nkhalambayo. Mayi amene ali ndi mwana ku Lilongwe, wobwera pa galimoto nthawi ya Khirisimasi, akapezeka akuyenda usiku timati akalamba. Mayi wamasiye amene ana ake onse adagona kumanda, wokhala m'kanyumba kothonya kumathero kwa mudzi, koma ali ndi dimba lachinyontho limene ena akulisirira, akayenda usiku womwewo timati watamba. Aliyense wa ife afufuze mumtima mwake ngati sizinakhale choncho kwawo.

Sindinabwere kudzatsutsana ndi munthu pa nkhani yoti ufiti ulipo kapena kulibe. Mkangano umenewo ndi wakale kuposa tonsefe ndipo sungathe madzulo ano. Ndabwera kudzanena kuti kuli matenda, odziwika bwino kuchipatala, amene amachititsa munthu zonse zimene ife timaziwerenga ngati umboni wa ufiti.

Pa Chingerezi amawatcha dementia. Ife tinganene kuti matenda oiwalaiwala a muukalamba. Mtundu wofala kwambiri udatenga dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer. M'chaka cha 1901, m'chipatala china mumzinda wa Frankfurt, dokotalayu adalandira mayi wa zaka 51 dzina lake Auguste Deter, amene ankaiwala zimene wangouzidwa kumene, kusochera m'nyumba yake yomwe, ndi kuganizira mwamuna wake zoipa zimene sadachite. Mayiyo atamwalira mu 1906, Alzheimer adaunika ubongo wake ndi maikulosikopu ndipo adapeza kuti udafota, maselo ambiri adafa, ndipo pakati pa otsalawo padaundana zinthu zosayenera kukhalamo. Kuyambira pamenepo zidadziwika kuti vutoli lili m'chiwalo cha thupi, monga momwe ng'ala ilili m'diso. Mtundu wina, umene uyenera kutidetsa nkhawa kwambiri kuno kwathu, umayamba mitsempha ya magazi ya muubongo ikawonongeka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri timangoti BP, kapena shuga, kapena pambuyo pa sitiroko. Uchidakwa wa zaka zambiri nawonso umawononga ubongo mofananamo.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo chaka chilichonse anthu pafupifupi 10 miliyoni amawonjezerekapo. Mwa anthu 10 aliwonse odwala, oposa 6 ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Choncho amene amati awa ndi matenda a azungu akulakwitsa. Azungu adangoyamba kuwatchula dzina. Ndiponso si nkhalamba iliyonse imene imadwala: tonse tikudziwa agogo a zaka 90 amene amakumbukira ngongole ya nkhuku ya chaka cha mwakuti. Kuiwala kumene waika mpeni ndi ukalamba. Kugwira mpeniwo m'manja osadziwa ntchito yake ndi matenda.

Ophunzira anga ndimawafotokozera ndi fanizo la nkhokwe. Chimanga chimene tidathira pomaliza chimakhala pamwamba, ndipo ndicho chimayamba kutha. Chimene tidathira poyamba chimatsalira pansi mpaka miyezi ya njala. Mbali ya ubongo imene imasunga zatsopano ndiyo imayamba kuwonongeka, pamene za ubwana zimakhalitsa. N'chifukwa chake agogo angakufotokozereni njala ya 1949 mwatsatanetsatane, kutchula amene adapita kukasuma ndi amene sadabwereko, koma osakumbukira kuti m'mawa uno amwa phala.

Tikagwira mfundo imeneyi, zambiri zimene zimatiopsa zimamveka. Agogo akaitana mayina a anthu amene adamwalira kalekale, ife timati akucheza ndi mizimu ya amene adawadya. Koma m'mutu mwawo chaka si chino ayi. Ali m'chaka chimene mayi awo adali moyo, ndipo akudabwa kuti bwanji sakubwera kuchokera kumunda. Akanyamula kamtolo dzuwa likulowa n'kunena kuti, “Ndikupita kwathu,” pamene ali pakhomo pawo, kwawo kumene akunenako ndi mudzi wa ubwana wawo. Bambo amene adabwera chikamwini zaka 50 zapitazo akufuna kubwerera kwa alongo ake. Mayi amene adatengedwa chitengwa akufuna kuka kwa agogo ake. Matendawa amakula mphamvu madzulo ndi usiku, ndiye munthu amatuluka anthu ali m'tulo, natsata njira yakale imene mwina lero idatsekedwa ndi minda, nasochera. Mudzi uliwonse uli ndi manda pafupi, ndipo msitu wa kumanda ndiwo wokha umene sudasinthe chiyambire ubwana wake. Akatopa amakhala pansi pomwepo. Zovala zikamuthina kapena zikanyowa amavula, pakuti mbali ya ubongo imene imatiuza za manyazi nayonso yadwala. Kukacha, woyamba kudutsa apeza nkhalamba yosavala pafupi ndi manda, maso ali psuu chifukwa cha utsi wa nkhuni wa moyo wonse, ikuyankhula zosamveka. Mfuu imveka, ndipo mudzi wonse uthamanga ndi miyala.

Chopweteka koposa ndi chimene timachitcha kuulula. Khamu lizungulira munthu wamantha, wosadziwa kumene ali, n'kumufunsa mobwerezabwereza kuti, “Mwana uja udamupha ndiwe?” Wodwala matendawa amakonda kuvomera zimene wofunsa akufuna, ndipo pamene chikumbumtima chasiya mpata amadzazapo ndi nkhani iliyonse imene yamveka pafupi. Sakunama, pakuti iye mwini sakudziwa kuti si zoona. Avomera lero kuti adapha mwana, ndipo mutamufunsa ndi ukali womwewo angavomerenso kuti ndiye adamanga phiri la Mulanje. Pa umboni wotere anthu aotcheredwa nyumba.

Mukukumbukira zimene zidachitika ku Neno, m'dera la mfumu yaikulu Dambe, mu Januwale 2016. Mphezi idapha mtsikana, ndipo anthu okalamba anayi adaphedwa powaganizira kuti ndiwo adaitumiza. Ngati imvi zokha zikwanira kuphetsa munthu mphezi ikang'anima, nanga kuli bwanji nkhalamba imene pamwamba pa imvizo ikuyenda usiku ndi kuitana akufa? Lamulo la dziko lino lokhudza za ufiti, limene lidakhazikitsidwa mu 1911 ndipo likugwirabe ntchito, limaletsa kumwetsa mwabvi ndiponso limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Abale athu a ku Zambia nawonso ali ndi lamulo lofanana nalo. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu okalamba, ndipo mabungwe monga MANEPO akhala akulira mokweza pa nkhani ya kuphedwa kwa nkhalamba. Malamulowa ndi abwino, koma polisi ili kutali ndipo miyala ili pafupi. Khamu likasonkhana mbandakucha, amene angaliimitse ndi nyakwawa ndi mwinimbumba, anthu amene ali pabwalo lino.

Tisaganize kuti mitundu ina idabadwa ikudziwa. Ku Japan, dziko la nkhalamba zochuluka, matendawa ankatchulidwa ndi liwu lotanthauza uchitsiru, ndipo mabanja ankabisa odwala m'nyumba. Mu 2004 boma lidasintha dzinalo mwadala n'kuika lina longotanthauza kuti kuzindikira kwa munthu kwadwala. Chaka chotsatira adayamba kuphunzitsa anthu wamba, ogulitsa m'masitolo, ana a sukulu, ogwira ntchito m'mabanki, momwe angathandizire nkhalamba yosokonezeka imene akumana nayo panjira, ndipo lero ophunzitsidwawo ndi mamiliyoni. Adaona kuti dzina ndilo limatsogolera dzanja. Ku Netherlands, m'tauni ya Weesp pafupi ndi Amsterdam, mu 2009 adatsegula malo otchedwa Hogeweyk. M'malo mogoneka odwala m'mawodi, adawamangira nyumba, sitolo, tinjira ndi bwalo, kuti aziyenda momasuka pakati pa anthu owadziwa, osatsekeredwa ndiponso osasochera. Alendo amachoka kutali kukaona chodabwitsachi. Ine nditawerenga ndidaseka pang'ono, pakuti chimene iwo adamanga ndi ndalama zankhaninkhani ndi mudzi. Ife tidaupeza kale, waulere.

Koma tisafulumire kudzitama, chifukwa mudzi umene tidaupezawo si umene tili nawo. Kale nkhalamba sinkagona yokha. Kuka kunkadzaza zidzukulu, ndipo agogo akadzuka usiku panali maso asanu owaona. Lero ana ali ku Blantyre, ku Lusaka, ku Johannesburg. Edzi idatenga ambiri a msinkhu umene ukanakhala ukusamala makolo tsopano, ndipo agogo omwewo ndiwo adalera ana amasiye, kuwaphikira, kuwagulira yunifolomu ndi ndalama ya mtedza. Pamene mphamvu zawathera, palibe wa pakati woti awagwire dzanja. Nthawi zina mdzukulu amene adaleredwa pamsana pawo ndiye amayamba kunena kuti, “Agogo ndiwo akunditsekera mwayi.”

Pamene banja lasankha kusamala, katundu yense amagwera munthu mmodzi, ndipo pafupifupi nthawi zonse ndi wamkazi. Ife aphunzitsi timaziona m'kaundula wa m'kalasi. Mtsikana wanzeru wa Fomu 2 ayamba kujomba Lolemba, kenaka sabata yathunthu, kenaka teremu. Ukafufuza umva kuti akudikirira agogo. Amalume ake ali m'tauni, amatumiza ndalama pa foni mwezi ukatha, ndipo mtima wawo uli m'malo kuti achita mbali yawo. Ndalama ndi yofunika, sindikuinyoza, koma sichapa zofunda zonyowa, siigona khutu limodzi lili kukhomo. Wosamalayo amatukwanidwa ndi munthu amene akumusambitsa, amanenedwa kuti waba ndalama imene agogo abisa okha m'denga n'kuiwala, ndipo alendo akabwera agogo amawauza kuti sapatsidwa chakudya. Akatopa n'kukalipa, achibale omwe sanagonepo usiku umodzi m'nyumbamo ndiwo amayamba kumuweruza.

Apa ndi pamene mwambo wathu uli ndi yankho limene mayiko ena alibe. Mwinimbumba si munthu wolandira nkhuku pa chinkhoswe ndi kuyankhula pa maliro basi. Udindo wake ndi moyo wa mbumba. Iye aitanitse onse, a kumudzi ndi a m'tauni, agawe masiku: uyu mwezi uno, uyo nthawi ya tchuthi, wakuti agule sopo ndi mafuta, wakuti alime munda wa wosamalayo, ndipo mwana wa sukulu abwerere kusukulu. Ayang'anirenso chuma cha wodwalayo, pakuti munthu amene sakudziwa tsiku angathe kudindiritsidwa chala pa pepala logulitsa munda. Pa maliro timadziwa kugawana ntchito mwadongosolo lodabwitsa: adzukulu kumanda, amayi kumadzi, anyamata kunkhuni, palibe wouzidwa kawiri. Luso lomwelo lingagwire ntchito munthu adakali moyo.

Kasamalidwe kake sikafuna sukulu yapamwamba, koma kamafuna kusiya zina zimene timaziyesa zanzeru. Musatsutsane nawo. Akafunsa za amuna awo amene adamwalira zaka 20 zapitazo, mukawauza kuti adafa amva uthengawo ngati watsopano, alira maliro atsopano, ndipo pakatha ola afunsanso. Bwanji osangoti, “Mwawasowa eti? Tatiuzani, mudakumana kuti?” Muona nkhope ikuwala. Musawayese mayeso pamaso pa alendo pofunsa kuti, “Uyu ndani? Mwamuiwala?” Wobwera adzitchule yekha. Aitaneni ndi dzina limene lili pansi pa nkhokwe ija: amene sakuyankhanso kuti “amake a uje” kawirikawiri amatembenuka mukati “a Naphiri” kapena “a Nabanda,” chifukwa mfunda adaumva asanabale mwana. Manja amakumbukira zimene mutu waiwala, choncho apatseni lichero la nyemba asankhe, chimanga atongole, mtedza aswe, ngakhale mutadzabwereza ntchitoyo iwo atagona. Munthu amene wagwira ntchito masana amagona bwino usiku. Moto, chitsime ndi mankhwala a mbewu zikhale kutali nawo. Kuwamanga chingwe kapena kuwatsekera m'nyumba tsiku lonse kumangowonjezera mantha ndi ukali. Kuli bwino kuuza mudzi wonse kuti agogo akudwala, kuti aliyense wowaona panjira awabweze, ndi kusokerera pa chovala chawo kansalu kolembedwa dzina la mudzi ndi nambala ya foni.

Ndipo muwaimbire. Madokotala adaona kuti nyimbo zimakhalitsa muubongo kuposa mawu wamba. Mayi amene sakutha kumaliza chiganizo angathe kutsogolera nyimbo ya pamtondo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kapena ya kwaya imene adaphunzira ali mtsikana, osaphonya liwu. Ng'oma zimene zikulira lerozi zikanawafika pamene ife sitingathe kuwafika. Tikanabwera nawo.

Kuchipatala kukufunika, ngakhale kuti mankhwala ochiziratu matendawa sanapezeke kulikonse padziko lapansi, ndipo aliyense wokulonjezani kuti awachotsa mukampatsa mbuzi akungofuna mbuziyo. Chifukwa chopitira n'chakuti si kusokonezeka konse kumene kuli matenda amenewa. Iwo amabwera pang'onopang'ono, pa miyezi ndi zaka. Koma nkhalamba imene inali bwinobwino sabata yatha, lero yayamba kubwebweta ndi kuona zinthu zimene palibe, kawirikawiri ili ndi malungo, chibayo, matenda a njira ya mkodzo, kuchepa kwa madzi m'thupi kapena shuga wosokonekera. Zimenezi zimachizika, ndipo munthu amabwerera mwakale m'masiku ochepa, koma akachedwetsedwa pakhomo amafa. Kusamva bwino, kusaona ndi kukhumudwa kwa munthu woferedwa nazonso zimaoneka ngati kuiwala. Yambirani kwa alangizi a zaumoyo ndi chipatala chaching'ono cha kwanu. Iwo adziwa ngati m'pofunika kukutumizani kuchipatala cha boma, kapena kwa akatswiri a matenda a maganizo monga a ku Zomba ndi a St John of God ku Mzuzu. Kwa anzanga a msinkhu wanga, amene imvi zayamba kutuluka, ndinene kuti kuyezetsa BP ndi shuga, kumwa mankhwala ake mosadumphitsa, kuchepetsa mchere, mowa ndi fodya, ndiko kuteteza ubongo umene tidzaufune tikadzafika zaka 80.

Kwa bungwe lathu losunga chikhalidwe, nkhaniyi ili ndi mbali inanso yofuna changu. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limaphwa. Mndandanda wa mafumu a mudzi, malire a minda, chifukwa chimene banja lakuti silikwatirana ndi lakuti, tanthauzo la nyimbo ya chinamwali imene achinyamata amaimba osaimvetsa, zonsezi zili m'mitu ya anthu owerengeka, ndipo ena mwa iwo ayamba kale kufunsa funso limodzi kakhumi. Musawachotse pa mndandanda wa ofunsidwa poganiza kuti mutu wawo sukugwira. Zakale ndizo zatsala, ndipo adzazinena mokondwa kwa aliyense wokhala pansi ndi kumvetsera. Foni iliyonse ili m'matumba mwanumo imatha kujambula mawu. Ophunzira a kusekondale angathe kugwira ntchitoyi pa tchuthi chimodzi ngati bungwe litawapatsa mafunso ndi malo osungirako zimene ajambula.

Mafumu anga, pempho langa kwa inu ndi limodzi. Monga mumalengezera za chitukuko ndi za katemera, lengezaninso pabwalo kuti m'mudzi mwanu muli odwala matenda oiwalaiwala, ndipo banja limene lili ndi wodwala wotere lidzakudziwitseni lisanagwe tsoka. Mukatero, tsiku limene nkhalamba idzapezeke kumanda mbandakucha, mawu anu adzakhala atafika kale kumeneko khamu lisanafike. Lamulani kuti woyamba kuipeza, ngati ndi mayi, amasule chitenje chake aifunditse. Ngati ndi bambo, avule jekete. Aiyandikire kutsogolo osati kumbuyo, ayankhule motsitsa mawu, aifunse mfunda wake, aipatse madzi. Ngati ndi ya mudzi wina, apite nayo kwa nyakwawa, ipatsidwe phala ndi mphasa, ndipo uthenga utumizidwe kumidzi yoyandikana kufikira abale ake atapezeka.